Mmera mpoyamba: ulendo wa batire kuchokera kumgodi mpaka kudzala

Kuseri kwa nyumba zambiri m'midzi ya ku Angonia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, padzala pali chinthu chimodzi chimene chimakana kuwola. Makoko a kachewere amawola, zitsononkho zimadyedwa ndi chiswe, chiguduli nacho chimatha. Koma mabatire a wailesi ndi a tochi, aja ena amati mapilya, amangochita dzimbiri ndi kutuluka madzi oyera ngati mchere. Mvula ikagwa amakokolokera kudimba kapena kufupi ndi chitsime, mwinanso ana amawatola ndi kuwaphwanya ndi mwala kuti aone za m'kati.

Munthu wodutsa akaona zimenezi amadzudzula mwini nyumba kuti ndi wauve. Komatu mlanduwu sunayambire padzala. Unayambira kutali, tsiku limene wopanga katundu anakhala pansi ndi pepala ndi pensulo kulemba momwe katundu wakeyo adzakhalire. Tsiku limenelo ndi pamene zinagamulidwa kuti m'batire mudzakhala poizoni kapena ayi, kuti wailesi idzadya mabatire angati pa mwezi, ndiponso kuti nyale ikawonongeka idzakonzeka kapena idzangotayidwa. Akale anati mmera mpoyamba.

WOUMBA MBIYA AMAONA PATALI

Mayi woumba asanakhudze dothi amakhala atadziwa kale ngati akufuna mtsuko wa madzi, mphika wa ndiwo kapena nkhali ya nsima. Amadziwa dambo limene akakumbe mtapo, amadziwanso nkhuni zimene adzawotchere. Mbiyayo ikagwira ntchito zaka zake n'kusweka, phale lake limakazingira chimanga kapena kumwetsera nkhuku, ndipo potsiriza limabwerera kudothi kumene linachokera. Palibe mwana amene anadwala chifukwa choseweretsa phale.

Kumafakitale nakonso, katundu asanapangidwe amayamba alemba mndandanda wa zimene katunduyo ayenera kukwaniritsa. Kwa zaka zambiri mndandandawo unali waufupi: agwire ntchito, aoneke bwino, ndipo kumupanga kusadye ndalama zambiri. Za chimene chidzachitike katunduyo akadzatha sizinali kulembedwa, poti ankati imeneyo ndi nkhani ya wogula.

Masiku ano maiko ambiri akuumiriza opanga katundu kuti awonjezere mafunso ena pa mndandandawo. Kodi zopangira zichokera kuti, ndipo zili ndi poizoni? Kodi katunduyu pogwira ntchito adzadya chiyani? Kodi akawonongeka adzakonzeka? Nanga akadzatheratu adzapita kuti? Mafunso anayi amenewa akukhudza moyo wonse wa katundu, kuyambira kumgodi mpaka kudzala, ndipo batire ndi wailesi ndi zitsanzo zabwino poti zili pafupifupi m'nyumba iliyonse.

M'KATI MWA BATIRE MULI CHIYANI?

Batire wamba la wailesi ndi lakale ndithu. Nzeru yake anaiyamba Georges Leclanché wa ku France mu 1866, ndipo Carl Gassner wa ku Germany ndiye anapeza njira yoti likhale louma, losatayika madzi, m'zaka za m'ma 1880. Kachitini kake ndi ka zinki, chitsulo chomwe chija amakutira malata kuti asachite dzimbiri. Ufa wakuda wa m'kati ndi manganizi wosakaniza ndi mwaye, ndipo pakati pali kamtengo kakuda konga makala. Zonsezi zimachokera pansi pa nthaka. Dziko la South Africa ndi limodzi mwa maiko amene amakumba manganizi wambiri pa dziko lonse.

Vuto la zinki ndi lakuti amadyeka yekha ngakhale batire lili chikhalire m'sitolo. Pofuna kuletsa zimenezi, opanga mabatire ankathiramo mercury pang'ono. Awa ndi mankhwala aja olemera, onyezimira ngati siliva wosungunuka, amene okumba golide m'mitsinje amagwirira golide. Kwa wopanga, mercury anali wothandiza. Kwa munthu, mercury ndi poizoni wowononga ubongo ndi mitsempha, makamaka kwa mwana amene ali m'mimba.

Dziko linadziwa kuopsa kwake kudzera m'tsoka la ku Minamata, mudzi wa asodzi ku Japan. Fakitale ya mankhwala inkathira madzi okhala ndi mercury m'nyanja, nsomba zinamwa poizoniyo, ndipo anthu odya nsombazo anayamba kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kulankhula, ena kufa kumene. Matendawa anadziwika mu 1956. Mu 2013 maiko anagwirizana pangano lochepetsa mercury limene analitcha dzina la mudzi womwewo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2017.

Ku mbali ya mabatire, kusintha kunayamba kale pangano limeneli lisanabwere. Maiko a ku Ulaya anaika lamulo lochepetsa mercury m'mabatire mu 1991, ndipo dziko la America linaika lake mu 1996. Opanga mabatire sanatseke mafakitale. Anabwerera pa pepala lija, nayamba kugwiritsa ntchito zinki woyengeka bwino ndi mankhwala ena oletsa kudyeka. Batire linapitiriza kuliza wailesi monga kale, koma poizoni mmodzi anachoka. Apa pali phunziro lalikulu: kutola mercury m'madzala a m'midzi zikwizikwi sikukanatheka, koma kusamuthira m'batire kufakitale kunatheka.

Izi sizikutanthauza kuti batire lakutha ndi choseweretsa. Mankhwala a m'kati mwake amawotcha khungu ndi maso, ndipo mabatire ena otsika mtengo amakhalabe ndi zitsulo zapoizoni pang'ono monga mtovu.

WAILESI YOSADYA MABATIRE

Funso lachiwiri ndi la chimene katundu amadya pogwira ntchito. Amene anakhalapo ndi wailesi ya Xirico m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira kuti kugula wailesi kunali kamodzi, koma kugula mabatire kunalibe mapeto. Ankawayanika padzuwa kuti apezeko kamphamvu pang'ono, ankalumikiza akutha asanu ndi limodzi m'kabokosi ka nsungwi, ndipo wailesi inkatsegulidwa pa nthawi ya nkhani yokha. Pakatha zaka zingapo, ndalama ya mabatire inkaposa mtengo wa wailesiyo, ndipo batire lililonse linkatsikira kudzala.

Mu 1991 mkulu wina wa ku London, Trevor Baylis, anaonera pulogalamu ya pa kanema yonena za kufala kwa Edzi mu Africa. Anamva kuti uthenga wopewera matendawa ukanafika kwa anthu kudzera pa wailesi, koma ambiri analibe magetsi ndipo mabatire anali odula. Iye sanafunse kuti mabatire angatsike bwanji mtengo. Anafunsa kuti kodi wailesi singalire popanda batire?

Anatenga nzeru ya wotchi yopukusa ija. Munthu akapukusa chogwirira, sipuling'i imakulungika, ndipo pomasuka pang'onopang'ono imazunguza kajenereta kakang'ono konga dayinamo ya njinga. Wailesi yake yoyamba inalira mphindi 14. Makampani ambiri anamukana, mpaka mu 1994 pamene wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa ntchito yake. Pofika 1996 wailesi yopukusayi inali ikupangidwa ku Cape Town ku South Africa ndi kampani ya BayGen, imene pambuyo pake inatchedwa Freeplay, ndipo ambiri mwa antchito a m'fakitaleyo anali anthu olumala. Kupukusa kwa kanthawi kochepa kunkapatsa munthu pafupifupi theka la ola la kumvera.

Wailesi imeneyi inafika ndi m'dziko lino la Mozambique. Madzi atasefukira kumwera mu 2000, mtsinje wa Limpopo utamiza midzi ndi kupha anthu mazanamazana, mawailesi opukusa anagawidwa kwa anthu othawa madzi kuti azimva za nyengo, za chithandizo ndi za abale osowa. Pamsasa wa othawa madzi panalibe sitolo ya mabatire.

Mu 2003 kunatuluka mtundu wina wotchedwa Lifeline, umene anaupanga atayamba afunsa eni ake oigwiritsa ntchito, makamaka ana amasiye olera anzawo ku Rwanda. Inali yolimba, ya mawu okwanira gulu la anthu pansi pa mtengo, yopukusa komanso yotchajidwa ndi dzuwa. Mlongoti wake unali waya wamba, kuti ukathyoka mwini wake angopeza waya wina ndi kulumikiza. Kanthu kakang'ono kameneka ndi yankho la funso lachitatu lija, lakuti kodi katundu akawonongeka adzakonzeka pamudzi pomwepo.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina. Sipuling'i inali yolemera ndi yodula, motero mawailesi opukusa a pambuyo pake anaichotsa ndi kuikamo batire lotchaja. Batire lotere limatchajidwa kambirimbiri, nthawi mazana, choncho limalowa m'malo mwa mulu wa mabatire otaya. Koma nalonso tsiku lake limafika. Wopanga akachotsa vuto pakhomo lina ayenera kuyang'ana kuti lisalowere pazenera.

SOLA YABWERA, NANGA MTOVU?

Lero m'midzi ya m'malire zinthu zasintha. Padenga la udzu pali mbale ya sola, matochi ali ndi timababu ta LED tosadya mphamvu zambiri, ndipo anthu ambiri akumvera wailesi pa foni. Boma linakhazikitsa bungwe la FUNAE mu 1997 kuti lifikitse mphamvu kumadera akutali ndi mawaya a magetsi, ndipo amalonda nawo adzaza misika ya Ulongwe, Domwe ndi Zobwe ndi nyale za sola zamitundumitundu. Utsi wa koloboyi wachepa m'nyumba, ndipo ana akuwerenga usiku. Ichi ndi chinthu chabwino.

Koma sola simayenda yokha. Mphamvu ya masana imasungidwa m'batire, ndipo m'nyumba zambiri batirelo ndi lalikulu lija longa la galimoto, lodzaza mtovu ndi asidi. Batire la mtundu umenewu analiyamba Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo lero mtovu wochuluka umene ukugwiritsidwa ntchito pa dziko lonse umathera m'mabatire otere. La galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi kolizira injini. Likamakhetsedwa mpaka kutheratu usiku uliwonse, monga zimachitikira pa sola, silichedwa kufa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ndi wabwino. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete: mwana amakula koma nzeru za m'kalasi zimavuta, ndipo zikawonongeka sizibwerera. Mu 2020 bungwe la UNICEF linalengeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse pa dziko, ana okwana pafupifupi 800 miliyoni, ali ndi mtovu wopitirira muyezo m'magazi.

Zimene zinachitika ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ziyenera kudziwika. Kumeneko anthu ankaphwanya mabatire akale a galimoto ndi kusungunula mtovu pabwalo kuti agulitse, ndipo amayi ankasefa dothi la pamalopo kufuna timibulu totsalira, ana ali pambali. Kuyambira kumapeto kwa 2007 mpaka kumayambiriro kwa 2008, ana 18 anamwalira ndi poizoni wa mtovu. Kwa anansi a ku Zambia, mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero dothi la m'makomo oyandikana nawo likudwalitsabe ana. Mtovu suwola.

Chodabwitsa n'chakuti batire la mtovu ndi limodzi mwa katundu wosavuta kubwezeretsa. Mtovu wake umasungunulidwa ndi kupanga batire latsopano kambirimbiri. Ku America pafupifupi mabatire 99 mwa 100 alionse a mtundu umenewu amabwerera kufakitale, chifukwa wogula latsopano amalipira ndalama yapadera imene amabwezeredwa akapereka lakale. Ndi nzeru yomwe ija ya botolo la zakumwa: poti botolo lili ndi mtengo, palibe amene amalitaya kutchire. Kusiyana kwa ku America ndi ku Thiaroye sikunali m'batire ayi, koma m'njira imene anakonzeratu yoti batire lidzayende likadzatha.

Nyale zatsopano zambiri ndi mafoni zili ndi mabatire a lithium, opepuka ndi okhalitsa. Nawonso ali ndi kwawo. M'kati mwake muli girafaiti, mwala wakuda uja umene uli mu mtima wa pensulo, ndipo umodzi mwa migodi ikuluikulu ya girafaiti pa dziko lonse uli ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado, umene unayamba kutulutsa mwalawu mu 2017. Ambiri alinso ndi cobalt, chitsulo chimene chochuluka chake chimakumbidwa ku Congo. Choncho nyale imene yatayidwa pakatha miyezi itatu yataya thukuta la wokumba ndi nthaka imene inagumulidwa kumeneko.

Tsono nyale zambiri zotsika mtengo zimafera chinthu chimodzi: batire. Mbale ya sola ikadali bwino, babu likadali bwino, koma wopanga anamata chigoba ndi guluu m'malo momanga ndi masikuluwu. Mnyamata wokonza mawailesi pamsika sangatsegule popanda kuswa. Wopanga anapulumutsa timakobiri tochepa, wogula wataya nyale yonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

MALAMULO AYAMBA KULOWA M'FAKITALE

Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 dziko lonse linataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinatoleredwa ndi kubwezeretsedwa moyenera sizinakwane ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu Africa sizinafike ngakhale chimodzi mwa 100. N'chifukwa chake malamulo atsopano sakungonena za kotayira zinyalala, koma akulowa m'fakitale momwemo.

Mu 2023 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo la mabatire lokhudza moyo wonse wa batire. Lamuloli laika malire a mercury, cadmium ndi mtovu m'mabatire ang'onoang'ono. Likuti kuyambira pa 18 Febuluwale 2027, zipangizo zambiri zizipangidwa mwakuti mwini wake angathe kuchotsa batire ndi kuikamo lina. Likulamulanso opanga kuti azitolera mabatire akutha: 63 mwa 100 alionse pofika kumapeto kwa 2027, ndi 73 pofika kumapeto kwa 2030. Lamulo lina la kumeneko linati kuyambira kumapeto kwa 2024 mafoni onse atsopano akhale ndi potchajira pofanana, kuti munthu asamataye chaja nthawi iliyonse akasintha foni. Poti fakitale imodzi imapangira maiko ambiri, kusintha kotere kungathe kufika ndi kumisika ya kuno.

Pa nyale za sola palinso muyezo. World Bank ndi nthambi yake ya IFC anayambitsa ntchito ya Lighting Africa mu 2007, ndipo m'menemo munatuluka njira yoyezera nyale, imene kuyambira 2020 ikuyendetsedwa pansi pa dzina la VeraSol. Nyale yopambana mayesowo iyenera kuwala monga momwe palembedwera pabokosi, iyenera kupirira kugwa ndi chinyontho, batire lake lisakhale ndi mercury kapena cadmium, ndipo wogula apatsidwe chitsimikizo cha chaka chimodzi kapena kuposa.

Dziko lino nalo linalawako njira imeneyi. Lamulo la zachilengedwe linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa majumbo apulasitiki opyapyala osakwana ma micron 30. Chaka chomwecho dziko la Malawi linaika malire ake pa ma micron 60. Lamulo lotere silikalipira mayi amene wataya jumbo. Limauza wopanga kuti apange jumbo yolimba yoti igwire ntchito kangapo. Kuti lamulo litsatidwe pamsika ndi nkhondo ina, koma njira yake ndi yomweyo imene ikufunika pa mabatire ndi nyale.

MBALI YA WOGULA

Mlimi wa ku Tsangano sakhala nawo pa msonkhano wa opanga katundu ku China kapena ku Ulaya. Komabe ndalama yake ya kachewere ndi fodya ndi imene imauza wamalonda katundu woti akapikulenso. Safunsa anadya phula. Asanapereke ndalama, wogula nyale kapena wailesi ayenera kuitembenuza ndi kuona ngati ili ndi masikuluwu. Afunse ngati batire lake limasinthika ndipo limapezeka kuti. Afunse za chitsimikizo cholemba, chija pa Chipwitikizi amati garantia, ndipo asunge lisiti. Pogula batire lalikulu la sola, afunse ngati wogulitsa amalandira lakale. Nyale yodulirapo imene ikhala zaka zinayi ndi yotchipa kuposa zinayi zimene zifa chaka chisanathe.

Pa mabatire amene atha kale, chofunika ndi kuwasunga pouma m'chitini chotseka, patali ndi ana, ndi chakudya, ndi chitsime. Asaponyedwe pamoto, poti utsi wake ndi woipa ndipo ena amaphulika. Timabatire tating'ono tozungulira ta m'mawotchi n'toopsa kwambiri mwana akameza, ndipo ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Batire lalikulu lisaphwanyidwe pakhomo, asidi wake asathiridwe pansi, ndipo mtovu wake usasungunulidwe mumphika kapena pamafuwa ophikira. Batire la foni likatupa lichotsedwe ndi kuikidwa kutali ndi denga la udzu.

Zonsezi ndi kuzimitsa moto umene unayatsidwa kwina. Ntchito yaikulu ili kwa opanga, kwa oitanitsa katundu, ndi kwa boma limene lili ndi mphamvu yonena katundu woyenera kudutsa pachipata cha Zobwe kapena Calomue. Mafumu, makomiti a zitsime ndi magulu a alimi ali ndi pakamwa pofunsira akuluakulu a boma kuti pamsika uliwonse waukulu pakhale malo olandirira mabatire akutha, ndi kuti amene wagulitsa batire akhalenso ndi udindo wolitenga likafa. Woumba mbiya amadziwa kumene phale lake lidzathere. Wopanga batire nayenso ayenera kufunsidwa funso lomwelo katundu wake asanakwere lole.